Nsapato yofika masika ena

Kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndalama sibwera mwezi ndi mwezi ayi. Imabwera kamodzi, munthu akagulitsa fodya, soya, nyemba kapena mbatata ya kachewere, ndipo ikapita yapita mpaka chaka chamawa. Aphunzitsi, anamwino ndi ena olandira malipiro pakutha pa mwezi alipo, koma ndi ochepa powayerekeza ndi khamu limene limatsika panjinga ndi pangolo kuchokera kumidzi tsiku la msika. Ndiye mayi akagulira mwana wake nsapato mu Juni, nsapatoyo n'kumatuka mu Januwale, musaganize kuti apita kukagula ina. Januwale ndi mwezi wa feteleza, wa ganyu, wa nkhokwe yopepuka. Sukulu zikamatsegulidwa mwanayo apita ndi patapata pamatope, kapena wopanda chilichonse kuphazi, ndipo adikira mpaka chimanga chiume.

Geni yanga yonse yaima pamenepa. Ndimagulitsa zovala ndi nsapato za tsiku ndi tsiku mumsika wa Ulongwe, ndipo ndisanalipire katundu aliyense ndimadzifunsa funso limodzi: kodi ameneyu afika masika ena? Akakhala wokongola koma wosafika, ndimamusiya pomwepo, ngakhale atatchipa bwanji.

Ndinayamba ndi majuzi a ana. Mpamba unachokera ku dimba langa la kachewere, kuphatikizapo ndalama ya chipereganyu chimene timachita ndi amayi anzanga a kumpingo. Banka, ndiye kuti benchi yoyalapo malonda, ndinalibe, ndinkangoyala chiguduli pansi chakumapeto kwa msika. Majuzi ndinawasankha dala. Anthu amene amangodziwa mzinda wa Tete amayesa kuti chigawo chonse n'chotentha. Kumtsinje wa Zambezi kuja, inde, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu mpaka kugona panja. Koma ife tili pamtunda, moyandikana ndi Dedza ndi Ntcheu, ndipo mu Juni ndi Julayi madzi a m'ndowa amaluma zala m'mawa. Mwana wopita kusukulu dzuwa lisanakwere amafuna juzi yeniyeni yolemera.

Kusiyana kwa nyengo kumeneku n'kumene kunandikweza. Mumzinda wa Tete jekete ndi juzi siziyenda m'miyezi yotentha, ndipo wopikulitsa amamvako ukamanenerera. Ndiye ine ndimapikula katundu wa m'chisanu nthawi imene aliyense akutuluka thukuta, n'kumusunga m'matumba pamalo ouma, pamwamba pa matabwa kuopa chinyontho ndi chiswe, kudikira Meyi. Vuto lake n'lakuti ndalama imagona miyezi ingapo osabereka. Munthu wa mpamba wochepa asaike zonse mmenemo, aikeko gawo chabe.

Ulendo wopita ku Tete ndi wautali, makilomita opitirira 200. Timakwera shapa, minibasi ya kuno, kusanache, kutsika ndi msewu wa ku Mussacama, kudutsa Moatize ndi malori ake a malasha, mpaka kuwoloka Zambezi. Mabelo a kaunjika amene timawapeza kumeneko, m'malo opikulitsa ndi chakumsika wa Kwachena, ayenda kale ulendo woposa wathuwo. Amatsika m'sitima padoko la Beira, n'kubwera pa malori kudzera ku Chimoio, Catandica ndi Changara. Belo lambiri limalemera makilogalamu 45, lomangidwa ndi malamba, pamwamba palembedwa mtundu wa zomwe zili mkati. Lamulo lake n'limodzi kulikonse: sungalimasule usanalipire. Umagula ndi chikhulupiriro.

Ukafika nalo kunyumba n'kudula malamba, umagawa milu itatu. Mulu woyamba ndi nambala wani, zovala zoti munthu akhoza kupita nazo ku tchalitchi kapena ku ukwati. Zimenezi ndiye zimabweza ndalama ya belo. Mulu wachiwiri ndi zabwinobwino zovala pakhomo ndi kumsika, ndipo phindu lako lili mmenemu. Wachitatu ndi zong'ambika, zothimbirira, zazikulu mopitirira msinkhu wa anthu athu. Zina zimapita kwa telala kuti azichepetse kapena asinthe zipi, zotsalazo ndimagulitsa motsika kwambiri kwa alimi a fodya, pakuti phula la fodya limawononga malaya ndipo palibe amene amafuna kulowa m'munda ndi chovala chabwino. Belo lina mulu woyamba umakula, lina umachepa, ndipo palibe kobweza. N'chifukwa chake amene akuyamba kumene ndimamuuza kuti asathamangire belo lathunthu. Akaime pomwe anzake akumasula m'mamawa, asankhe chimodzichimodzi ndi maso ndi manja ake, alipire mokwererako pa chovala chilichonse. Phindu limachepa, koma chimene wanyamula ukuchidziwa. Belo adzagula akadziwa makasitomala ake, kapena agawane ndi mnzake wokhulupirika.

Ena amati kaunjika ndi amene anapha mafakitale athu a nsalu. Amayi anga amakumbukira nsalu za Textáfrica ya ku Chimoio, imene inaleka ntchito zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo mpaka lero amaziyamikira kulimba kwake. Nkhaniyi imandikhudza. Tsiku limene malaya olimba osokedwa m'dziko muno adzapezeke pamtengo woti mlimi angaufikire, ine ndidzakhala woyamba kuwayala pabanka. Pakadali pano mwana akumva chisanu, ndipo juzi imene ilipo ndi ya m'belo.

Tsopano nsapato, chifukwa apa ndi pamene anthu amapwetekedwa kwambiri. Chovala chikang'ambika mayi amatenga singano n'kusoka. Nsapato ikathyoka soli, yatha.

Ndikatenga nsapato m'manja, choyamba ndimaipinda chakutsogolo, pomwe phazi limapindikira munthu akamayenda. Ndimayang'ana ngati soli ikuonetsa ming'alu, komanso ngati pakati pa soli ndi chikopa pakutseguka kakamwa. Kenako ndimafinya kumbuyo, pachidendene. Pamenepo payenera kulimba. Pakakhala lobodolobodo, nsapatoyo ikhala ikuvuka ndipo mwana aziiponda chakumbuyo mpaka iphwanyike. Ndikatero ndimaiimika pathabwa lathyathyathya n'kuiyang'ana chakumbuyo. Ya kaunjika imene mwini wake woyamba ankayenda mopendamira mbali imodzi imaima mopendama, ndipo singawongokenso. Wachiwiri woivala amamva kuwawa m'mawondo osadziwa chifukwa chake.

Pali msampha wina umene ambiri saudziwa. M'belo mumapezeka nsapato yooneka ngati sinavalidwepo, yowala, ya dzina lodziwika, yokhala ndi soli yonenepa yopepuka yokhala ngati thovu louma. Soli zamtundu umenewu zikakhala zaka zambiri osayendedwa zimaola mkati chifukwa cha chinyontho, kunja kukuoneka bwinobwino. Munthu angoyenda nayo tsiku limodzi kapena awiri, soli imanyenyeka ngati chigumu chogonetsa. Kuti uidziwe, kanikiza ndi chikhadabo mwamphamvu m'mbali mwa soli. Ikasiya dzenje losabwerera, kapena ikamata kuchala, isiye. Bola nsapato yoti yavalidwako ndithu koma ya soli ya labala, kusiyana ndi yowala yotereyi.

Chikopa chenicheni n'chosavuta kuchizindikira ukazolowera. Yang'ana m'mphepete modulidwa, monga m'lilime la nsapato. Chenicheni chimaoneka tiulusi take take tolukana, ndipo kuseri kwake n'kokhakhala. Chongoyerekeza chimakhala pulasitiki womatidwa pansalu, ndipo kuseri umaona nsaluyo. Chimenechi chimayamba kusupuka chikaona dzuwa ndi mvula yathu, ndipo polishi sachithandiza. Sindikunena kuti katundu watsopano yense wochokera ku China ndi woipa. Kumeneko amapanga zolimba ndi zosalimba zomwe, koma obweretsa katundu ambiri amasankha zotsika mtengo kwambiri podziwa kuti ife tiyang'ana mtengo basi. Zabwino zilipo m'masitolo omwewo, kungoti uyenera kufukula, ndipo wogulitsa akaona kuti umadziwa kupinda nsapato amakutulutsira za kuseri.

Chimene chinasintha geni yanga kwenikweni ndi aBanda, bambo wachikulire wosoka nsapato amene amakhala pakhonde pafupi ndi banka yanga. Nsapato zambiri za masiku ano n'zongomata ndi guluu. Guluu ndi matope a dzinja sizigwirizana. Ndiye tinapangana kuti nsapato iliyonse ya sukulu, ikhale yatsopano kapena ya kaunjika, idzere kaye m'manja mwawo aisoke kuzungulira ndi ulusi wolimba uja wa nayiloni ndisanaiike pabanka. Ndimawalipira pa peyala, n'kuwonjezera kandalama kochepako pamtengo. Poyamba anthu ankakayikira. Bambo wina wa ku Domwe anaitembenuza nsapato, n'kuloza ulusiwo.

"Amayi, imeneyitu ndi yokonzedwa. Mukufuna mundigulitse yowonongeka?"

"Iyayi bambo, ndi yatsopano, onani kunsi sinapondepo pansi. Ndaisoketsa isanamatuke, kuti musadzavutike kuisoketsa itamatuka kale, madzi atalowa."

Anaima kanthawi, n'kupita kwa aBanda kukafunsa okha. Atabwerako anatenga mapeyala awiri. Masiku ano makolo ena amabwera ndi nsapato zimene agula kwina n'kupita nazo kwa aBanda asanampatse mwana. Ine sizindipweteka. Mkuluyo akudya, ndipo ana akufika nazo kumapeto kwa chaka.

Makolo ambiri a kumidzi sabwera ndi mwana kumsika, pakuti ulendo ndi wautali ndipo panjinga pali katundu. Amabwera ndi kamtengo kapena luzi loyezera phazi la mwanayo kuyambira kuchidendene mpaka chala chachikulu. Muyeso umenewu ndimaukhulupirira kuposa manambala olembedwa, chifukwa pabanka imodzi pamakumana nsapato za manambala a ku Ulaya, 34 kapena 37, ndi zina za manambala ang'onoang'ono, 2 kapena 4, monga amawerengera ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndipo ngakhale nambala ikhale imodzi, mafakitale amasiyana. Ndimalowetsa kamtengoko m'nsapato, n'kusiya mpata wa chala changa chamanthu kutsogolo. Mwana amakula. Koma ndimakana pamene bambo akufuna yaikulu ndi manambala awiri kapena atatu ati kuti ikhalitse. Nsapato yokhwepa imapindika pamalo olakwika ndipo imathyoka msanga kuposa yomukwana.

Jombo zimayenda kuyambira Novembala, alimi a m'madimba ndi a fodya akamakonzekera mvula. Sindiziyala padzuwa, chifukwa labala ndi pulasitiki zimauma n'kuchita ming'alu zisanagulidwe n'komwe. Ndimapachika imodzi yoonetsera, zinazo zimakhala m'thumba pamthunzi. Ndipo pali nsapato imene anthu a m'tauni amaiderera koma ine ndimailemekeza, sofiya wa pulasitiki uja. Mayi amapita naye kumunda, kumadzi, kumaliro, akafika amangomutsuka. Ndalama yake ndi yochepa, ntchito yake ndi yaikulu.

Za zovala sindichulukitsa. Ndimakoka msoko ndi manja awiri kuona ngati ulusi ukuonekera. Malaya ndimayang'ana m'khwapa ndi pakolala. Buluku ndimayang'ana pakati pa miyendo ndi pamatako, chifukwa amuna a kuno moyo wawo uli pachishalo cha njinga, ndipo anyamata a kabaza buluku lopyapyala amalitha mwezi usanathe. Nsalu ndimaiimika padzuwa, ikaonetsa dzanja langa kuseri ndiye kuti yatha mphamvu. Chitenje chimanyenga ndi kuuma kwake, pakuti chambiri amachithira zoumitsa kuti chioneke cholemera, ukangochapa chimasanduka chopyapyala. Ndimafikisa kangodya kake pakati pa zala kuti ndimve nsalu yeniyeni, kenako ndimapukutapo ndi kansalu koyera konyowa kuona ngati mtundu ukuchucha.

Ife a m'malire timakhala ndi ndalama ziwiri m'thumba. Makolo athu ambiri anakhalako ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, maukwati ndi maliro zimawoloka malire tsiku ndi tsiku, ndiye kwacha si mlendo pakati pathu. Ndikapita kukagulitsa chaku Calómuè, pachipata cha malire a Dedza, theka la makasitomala amatulutsa makwacha. Koma amene anali ndi makwacha ambiri mu Novembala 2023 akudziwa chimene chinachitika, pamene ndalamayi inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Anzanga ena amene anasunga mpamba wawo m'makwacha podikira ulendo wopikula anapeza kuti ndalama ya belo lathunthu sikufikanso. Metical, ndalama yathu ya ku Mozambique, yakhala zaka zingapo itaima pafupi ndi 64 pa dola imodzi. Choncho mitengo yanga ndimaiwerengera m'meticais. Kwacha ndimalandira ndithu, mogwirizana ndi mmene yadzukira tsikulo, koma sigona m'nyumba mwanga. Katundu wina amatchipa kutsidya, makamaka zitenje ndi nsapato za pulasitiki, ndipo ndikamutenga ndimadzera pachipata n'kulipira zoyenera. Njira zachidule zilipo zambirimbiri m'malire muno, aliyense akuzidziwa, koma munthu wa mpamba umodzi akalandidwa katundu kamodzi kokha ndiye kuti geni yathera pomwepo.

Nkhani yovuta kuposa zonsezi ndi ngongole ya abale. Ukatsegula banka, mudzi wonse umakumbukira kuti ndiwe mwana wawo. Ndipo ali ndi chifukwa, pakuti ndi omwewo amene anatilera, ndi omwewo amene adzakumbe manda athu. Kuwakana mwamwano n'kulakwa, kuwapatsa onse n'kutseka geni. Ine ndinapeza njira yapakati. Katundu satuluka asanalipiridwe, koma munthu akhoza kusankha, ine n'kumuchotsa pabanka, n'kulemba dzina m'kope, iye n'kumaperekera pang'onopang'ono. Azakhali anga atabwera kudzafuna jekete la mdzukulu wawo, ndinawapatsa mpando, n'kugwada pambali pawo.

"Azakhali, jekete ili ndi lanu, palibe wina alitenge. Ndalisunga. Mukapeza kangachepe muzinditumizira, likakwana mudzatume mwana."

"Iwe mwana wa achimwene anga, ukundiyesa wothawa ndi ngongole ine?"

"Iyayi azakhali, pepani. Kungoti ndalama imeneyi si yanga ndekha, ina ndi ya amayi a chipereganyu. Ndikapanda kubweza, manyazi agwera banja lathu lomwe lino."

Anang'ung'udza pang'ono, koma anamvetsa, ndipo jeketelo analimaliza ndi nyemba. Nthawi ya masika ndimalandira nyemba, soya ngakhale chimanga pamtengo wa tsikulo, chifukwa kwa mlimi n'kosavuta kutapa m'thumba kusiyana ndi kutulutsa ndalama. Ena amatumiza pa M-Pesa kapena pa e-Mola ali kumudzi komweko, zimene zachepetsa maulendo. Pali nthawi zina pamene ndimangopereka, mwana wamasiye kapena nkhalamba yopanda woithandiza, koma pamenepo ndimadziwa kuti ndapereka, ndipo ndimalemba m'kope ngati chopereka, osati ngongole yoti ndizidikira.

Kope limenelo ndi lofunika ngati katundu yemwe. Ndimalembamo mtengo wopikulira, shapa, wonyamula katundu, telala, aBanda, ndi chiphaso cha tsiku ndi tsiku chimene a khonsolo amadulitsa mumsika. Anthu ambiri amaiwala ndalama ya ulendo powerengera mtengo, n'kumadabwa kuti katundu watha koma mpamba wachepa. Ndalama ya geni ndi ya ndiwo sizigona m'mpango umodzi, ndipo bambo a kunyumba tinagwirizana zimenezi kuyambira pachiyambi. NUIT, nambala ya wokhoma msonkho, ndinakatenga, pakuti ndi imene amafunsa ukafuna laisensi kapena akaunti ku banki, ndipo ndi bwino kukhala nayo geni isanakule.

Ndinene poyera kuti njira yangayi si yolemeretsa msanga. Pafupi ndi ine pali mabanka a nsapato zowala zotsika mtengo kuposa zanga, ndipo tsiku la msika amagulitsa mapeyala ambiri kundiposa. Achinyamata ofuna dzina lalikulu pambali pa nsapato amadutsa pa ine osaima. Ndipo mayi amene ali ndi ndalama yokwana yotchipayo basi, sindingamuweruze akagula kumeneko, wagula chimene dzanja lake lafikira. Chimene ndimachita n'kumuonetsa sofiya kapena ya kaunjika ya nambala thu yosokedwa bwino, yofanana mtengo ndi yowalayo, n'kumusiya asankhe yekha. Makasitomala anga ndi ochepa, koma ndi omwe aja chaka ndi chaka, ndipo amabwera atagwira dzanja mlamu wawo kapena mnansi. Amafika n'kunena kuti, "aNaphiri, ija munatipatsa chaka chatha yamuthina, mng'ono wake ndiye akuvala tsopano." Mawu amenewa ndi amene amandipatsa mphamvu zodzukira shapa ya m'bandakucha.

Pali chinthu chimene chakhala chikundisowetsa mtendere. Angónia ndi dziko la ng'ombe. Tsiku lililonse ng'ombe ndi mbuzi zimaphedwa m'misika yathu, zikopa n'kumapita pamtengo wozizira kapena kungowonongeka, pamene ife tikuyenda mtunda wonsewo kukasaka nsapato yachikopa imene wina anaitaya kutsidya la nyanja. Ndinawafunsa aBanda ngati angathe kupanga nsapato yathunthu, osati kungokonza. Anaseka n'kunena kuti ntchito imeneyo ndi imene anaphunzira ali mnyamata, chimene chimawasowa ndi chikopa chofufutidwa bwino. Ndiye tayamba ndi zimene tili nazo. Zikwama ndi majekete achikopa ong'ambika a mulu wachitatu uja, amene kale ndinkasowa nawo chochita, tsopano amawadula n'kupanga masandasi a amuna, soli yake ya tayala ngati nkhwaila, yosokedwa osati yongokhomera misomali. Mdzukulu wawo wayamba kukhala pambali pawo akaweruka kusukulu, kuphunzira kugwira chisongole. Mapeyala oyamba sitinagulitse. Tawapatsa anyamata a kabaza kuti ayende nawo dzinja lonseli, pamatope ndi papedulo, ndipo mtengo tidzaukambirana mu Epulo tikadzaona mmene zidendene ndi misoko zapiririra.